Mwana Wovutika Kumeza: Tiyambe Taonetsetsa

Sabata ino ndafuna kuti tikambirane za mwana amene ambiri a ife timamudziwa, koma sitimutchula kawirikawiri pa misonkhano yathu. Ndikunena mwana uja amene khosi lake linachedwa kulimba, amene anzake obadwa nawo mwezi umodzi akuthamanga koma iye sanayambe kukhala yekha, amene manja ndi miyendo yake imauma gwa kapena imangolobodoka. Mwana wotere akafika pa nthawi ya chakudya, m'nyumba mumakhala nkhondo. Phala limabwerera, iye amatsamwa, amatsokomola, amalira, ndipo mayi ake amatopa mbale isanafike pakati. Anthu oona amati mwanayo ndi wokana kudya, ena amati mayi ake ndi waulesi. Zonsezi si zoona. Mwanayo akuvutika kumeza, ndipo vuto limeneli tingathe kuliona ndi maso athu ngati tadekha.

Ulumali umenewu madokotala amautcha cerebral palsy. Umabwera pamene ubongo wa mwana wavulala usanakhwime, kaya ali m'mimba, kaya pobadwa, kaya m'zaka zake zoyambirira. Mwana amene anabanika pobadwa nachedwa kulira, wobadwa masiku asanakwane, amene anadwala chikasu chachikulu ali wakhanda, kapena amene anadwala matenda oumitsa khosi ngakhalenso malungo aakulu okomola, angathe kutsala ndi ulumali wotere. Si matenda achilendo ayi. Dokotala wina wa ku London, William Little, anawafotokoza kale mu 1861, ndipo anaona kuti ambiri mwa ana otere anali obadwa movutikira kapena obadwa msanga. Sapatsirana, ndipo bala la muubongo silinka likula. Mwana wotere akayamba kuwonda, kwathu kuno msanga timathamangira kunena za tsempho, ndipo makolo amayamba kulozana zala. Koma nthawi zambiri chimene chamuwondetsa n'chakuti chakudya chimene mayi akuphika sichikufika m'mimba mokwanira.

Kumeza kumayenda bwanji?

Ife amene timameza bwino sitiganiza n'komwe za ntchito imeneyi. Taikani chala pakhosi panu, mumeze malovu. Mwamva kholingo likukwera ndi kutsika. Pakhosi pathu pali njira ziwiri zoyandikana: yakutsogolo ndi ya mpweya, yopita ku mapapo; yakumbuyo ndi ya chakudya, yopita m'mimba. Tikamameza, milomo imatseka, lilime limasonkhanitsa chakudya ndi kuchikankhira kumbuyo, kupuma kumayamba kwaima pang'ono, ndipo kachivindikiro kakang'ono kamatseka njira ya mpweya kuti chakudya chidutse. Zonsezi zimachitika m'kanthawi kochepa, ndipo wozilamulira ndi ubongo.

Tsono kwa mwana amene ubongo wake unavulala, ziwalo zimenezi sizimverana. Milomo siitseka, lilime limakankhira chakudya kunja m'malo mokankhira kumbuyo, ndipo kachivindikiro kaja kamachedwa kutseka. Pamenepo timadontho ta phala kapena ta madzi timalowera ku mapapo. Ndiko kumene kumachokera chifuwa chosatha ndi chibayo chobwerezabwereza. Choopsa china n'chakuti ana ena satsokomola konse chakudya chikasochera chotere. Mayi amaona ngati zonse zili bwino, chonsecho mapapo akuvulala mwakachetechete. N'chifukwa chake sitiyenera kudikira kutsamwa kokha.

Mafunso anayi

Dokotala amaona mwana kwa mphindi zochepa, mwinanso pa nthawi imene mwanayo sakudya. Amene amaona chakudya chilichonse, m'mawa, masana ndi madzulo, ndi mayi kapena agogo. Motero kuyesa kumayambira pakhomo. Mayi wina wa ku America, katswiri wa za kadyedwe ka ana otere, dzina lake Joan Arvedson, analemba mu 2013 zinthu zinayi zofunika kufunsa kholo lililonse. Ndi mafunso amene aliyense wa ife angathe kudzifunsa.

Loyamba: kodi chakudya chimodzi chimatenga nthawi yaitali bwanji? Ngati masiku ambiri chimapitirira mphindi 30, pali vuto. Mwana amene akulimbana ndi mbale kwa ola lathunthu amataya mphamvu zambiri pakudya, ndipo akatopa ndi pamene amatsamwa kwambiri. Musangoganizira, yang'anani nthawi pa foni kapena pa wotchi poyamba ndi pomaliza.

Lachiwiri: kodi nthawi ya chakudya ndi ya mtendere kapena ya misozi? Ngati mwana akangoona mbale amatembenuza nkhope, amadzipinda chambuyo kapena kulira, ndiye kuti kudya kumamupweteka kapena kumamuopsa. Ngati inu mayi mtima umagunda mukamapakula phala, nachonso ndi chizindikiro, ndipo musachite nacho manyazi kuchinena.

Lachitatu: kodi sikelo ikukwera? Tsegulani buku lake la kuchipatala muone mzere wa kulemera kwake. Mwana wamng'ono amene watha miyezi iwiri kapena itatu osawonjezera, ngakhale sanatsike, afunika kuonedwa. Alangizi a zaumoyo alinso ndi kalamba koyezera mkono wa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka zisanu. Kakaonetsa kufiira, ndiye kuti mkono sunafike masentimita 11.5 ndipo mwana wanyentchera kwambiri. Kakaonetsa chikasu, pakati pa 11.5 ndi 12.5, ngozi ili pafupi.

Lachinayi: kodi chifuwa chake chili bwanji? Mverani mawu ake akangomeza. Ngati akumveka ngati muli madzi pakhosi, ngati kupuma kukuchita phokoso kapena kukufulumira pa nthawi ya chakudya, ngati wagonekedwapo m'chipatala ndi chibayo kangapo, tiyenera kukayikira kuti chakudya chikulowera njira ya mpweya.

Ngati mwayankha kuti inde pa funso limodzi lokha mwa anayiwa, musadikire kuti mwana adzasintha akakula.

Kuonetsetsa chakudya chimodzi

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sankhani tsiku limene mulibe phuma, muitane mnzanu mmodzi wa m'gulu kapena bambo a mwanayo. Wina adyetse monga amachitira masiku onse, wina akhale chapatsogolo kungoona. Musasinthe kanthu tsiku limenelo, pakuti tifuna kuona zimene zimachitikadi.

Yambani ndi kakhalidwe. Kodi mwana wakhala tsonga, kapena wagona chagada pamiyendo? Kodi mutu uli chilili, kapena wagwera kumbuyo, chibwano chaloza kudenga? Yesani nokha kumwa madzi mutayang'ana kumwamba, mudzamva m'mene amathamangira pakhosi. Mwana wodyetsedwa mutu uli chagada ali pa ngozi yomweyo pa sipuni iliyonse.

Kenaka onani pakamwa. Kodi amatsegula yekha sipuni ikafika? Kodi mlomo wam'mwamba umakokolola phala pa sipuni, kapena wodyetsa amachita kupalira pa mano? Kodi lilime limatuluka ndi kukankha chakudya? Kodi amaluma sipuni mwamphamvu osatha kuisiya? Kuluma kotere si mwano. Nsagwada zimangodzitseka zokha zikakhudzidwa. Onaninso ngati amatafuna mozunguza nsagwada kapena amangoyamwa chakudyacho, ndiponso kuchuluka kwa zimene zikugwera pa chitenje. Kawirikawiri mayi amati mwana watha mbale, chonsecho theka lake lili pa zovala.

Tsopano onani kumeza kwenikweniko. Werengani kuti sipuni imodzi amaimeza kangati. Yang'anani maso ngati akulengeza misozi, nkhope ngati ikufiira kapena kuchita mbuu, mphuno ngati ikutuluka chakudya. Mverani kupuma. Akatha kudya, yang'anani m'kamwa, m'masaya ndi kumwamba kwa m'kamwa, ngati mwatsalira chakudya. Chotsalira chotere chingathe kusochera pambuyo pake mwana atagona. Potsiriza dikirani theka la ola muone ngati akusanza, kapena ngati akudzipinda ndi kulira monga womva kutentha pamtima.

Onaninso kuti chimene chimamuvuta kwambiri n'chiti. Ana ambiri otere amatsamwa ndi zamadzimadzi, monga madzi, tiyi ndi phala lopyapyala, chifukwa zimathamanga kuposa m'mene pakhosi pangatsekere. Ena amavutika ndi zouma ndi zoyoyoka. Zovuta koposa ndi zosakaniza, zimene mbali ina ndi madzi mbali ina ndi timibulu, monga mpunga wosambira mu msuzi kapena thobwa losasefa. Zonse mwaonazi zilembeni pa pepala, kapena muuze mwana wa sukulu akulembereni. Amene muli ndi foni yojambula, jambulani kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Chithunzi choyenda chimenecho chidzathandiza dokotala kuposa mawu ambiri.

Magawo asanu

Mu 2014, mayi wina wa ku England, Diane Sellers, pamodzi ndi anzake anakonza njira yogawira ana a ulumali umenewu m'magawo asanu malinga ndi m'mene amadyera ndi kumwera. Njirayi imatchedwa EDACS, ndipo anaikonzera ana a zaka zitatu kupita m'tsogolo. Gawo loyamba ndi la mwana amene amadya bwino popanda ngozi. Lachiwiri ndi la amene amadya popanda ngozi koma amachedwa ndi kutaya chakudya. Lachitatu ndi la amene angathe kutsamwa ndi zakudya zina, motero afunika zofewa. Lachinayi ndi la amene ngozi yake ndi yaikulu, wofunika chakudya chosalala ndi womudyetsa wosamala kwambiri. Lachisanu ndi la mwana amene sangathe kudya kapena kumwa popanda ngozi, amene madokotala angaganize zomudyetsera pa kapaipi.

Ndatchula magawowa kuti tione kuti ana awa si ofanana. Chimene chinathandiza mwana wa mnansi wanu mwina sichingathandize wanu. Woika mwana pa gawo lake ndi wachipatala, koma amatero pomva zimene kholo laona.

Kopita nazo

Yambirani ku sikelo, kwa alangizi a zaumoyo, kapena ku chipatala chathu cha Sadzi. Musangonena kuti mwana sakudya. Nenani kuti amatha mphindi zakuti pa mbale imodzi, amatsamwa ndi chakuti, mawu ake amasintha akamwa madzi, ndipo wadwala chibayo kangati chaka chino. Pemphani kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu cha Zomba kwa madokotala a mafizo, amene amaphunzitsa kakhazikidwe ka mwana ndi kagwiridwe ka mutu ndi nsagwada. Tengani mbale, sipuni, kapu ndi chakudya chimene amadya kunyumba, kuti akaone ndi maso m'mene mumadyetsera. Ngati mwana amagwa khunyu, nenaninso, pakuti mankhwala ena amagonetsa, ndipo mwana wosinza sameza bwino. Ngati amadzimbidwa masiku ambiri osachita chimbudzi, nachonso chimachotsa chilakolako cha chakudya.

Mwana amene wanyentchera kwambiri amapatsidwa chiponde. Pamenepa chenjerani, amayi: chiponde n'chomata, ndipo mwana wovutika kumeza chingamukakamire m'kamwa. Uzani namwino za vuto la kumezalo asanakupatseni, kuti amuyese pomwepo ndi kukulangizani kaperekedwe kake.

Zimene tingasinthe lero

Pali chizolowezi china chakale chimene tiyenera kuchisiya: kumugoneka mwana pamiyendo, kumupana manja, ndi kumuthira phala lamadzi m'kamwa ndi chikhatho, mwinanso kumutsina mphuno kuti atsegule pakamwa. Amene amachita zimenezi amachita mwa chikondi, pofuna kuti mwana asagone ndi njala. Koma mwana amene akulira ndi kufunafuna mpweya njira yake ya mpweya imakhala yotseguka, ndipo phala limapita ku mapapo. Kwa mwana aliyense n'zoopsa. Kwa mwana wa ulumali uwu zingathe kupha.

M'malo mwake mukhazikeni tsonga, chiuno chitapindika, mapazi ataponda penapake, mapewa atabwera kutsogolo, chibwano chitatsika pang'ono. Ngati sakhala yekha, mukhazikeni pa ntchafu panu mkono wanu utachirikiza khosi, kapena pa ngodya ya chipinda mutamutchinjiriza ndi zitenje zopindapinda. Inu mukhale moyang'anana naye, ndipo sipuni ibwere kuchokera kutsogolo, chapansi pang'ono, kuti asadzutse mutu. Sipuni ikhale yaing'ono, yosazama, ya pulasitiki yolimba, pakuti yachitsulo imapweteka mano akaluma. Patsani pang'ono, dikirani ameze, muone kuti m'kamwa mwayera, kenaka muwonjezere. Kapu ya pulasitiki mungathe kuidula mbali imodzi, kumene kumagunda mphuno, kuti amwe osagadamitsa mutu. Akatha kudya akhale tsonga kwa theka la ola, ndipo mutsukeni m'kamwa ndi mano tsiku ndi tsiku, chifukwa dothi la m'kamwa likalowa ku mapapo limayambitsa chibayo.

Za chakudya, ambiri timasungunula phala kuti lilowe msanga. Phala lotere ndi loopsa pomeza, ndiponso ndi madzi okhaokha opanda mphamvu. Phikani phala la mgaiwa kapena Likuni Phala losalala, lopanda mibulu, limene mukapendeketsa sipuni limatsetsereka pang'onopang'ono, losayenderera ngati madzi komanso losamata ngati ulimbo. Thirani nsinjiro zosefa bwino, kasipuni ka mafuta ophikira, dzira, kapena ufa wa matemba ndi usipa wosinja ndi kusefa kuti musatsale minga. Mbatata, maungu, nthochi zakupsa ndi mapeyala, zimene sizisowa mu msika wa Zomba pa nyengo yake, zipotedwe mpaka zisalale. Nsima ifewetsedwe ndi msuzi mpaka zikhale chinthu chimodzi. Mtedza wathunthu, chimanga chokazinga, maswiti ndi nyama yolimba zikhale kutali. Ndi bwino kudyetsa pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku kusiyana ndi kulimbana ndi mbale yaikulu katatu. Madzi asamanidwe ayi. Apatsidwe timakamwa tating'ono ali tsonga, ndipo ngati amatsamwa nawo nthawi zonse, funsani a chipatala chochita. Khanda losakwana miyezi 6 liyamwe bere lokha. Ngati likulephera kuyamwa, anamwino adzakuonetsani kafinyidwe ka mkaka ndi kamwetsedwe ka pa kapu.

Zizindikiro zothamangira ku chipatala

Ngati mwana watentha thupi ndipo akupuma mofulumira, musadikire kuti kuche. Werengani mpweya kwa mphindi imodzi yathunthu iye ali phee. Kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11, kupuma ka 50 kapena kuposa ndi kofulumira. Kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu, ka 40 kapena kuposa. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati akamakoka mpweya, ngati akulephera kumwa chilichonse, kapena wangoti lefu osadzuka, nyamukani nthawi yomweyo. Chakudya chikamutsekereza pakhosi mpaka osatha kulira kapena kutsokomola, musapise chala mwachimbulimbuli. Muweramitseni chafufumimba, mutu uli chapansi, mumumenye ndi chikhatho kasanu pakati pa mapewa, uku wina akuitana thandizo. Pemphani anamwino ku sikelo akuonetseni bwino kachitidwe kake musanakumane nazo.

Ntchito ya gulu

Mayi wa mwana wotere amatha maola ambiri pa tsiku akudyetsa, pamene kumunda, ku msika ndi ana ena zikumudikira. Ambiri amasiya kubwera ku misonkhano, ena amabisa mwana m'nyumba poopa pakamwa pa anthu. Mutu umodzi susenza denga. Gulu lililonse la amayi, kaya la kumpingo, kaya la banki m'khonde, lidziwe makomo amene muli ana otere. Awiri kapena atatu aphunzire kudyetsa mwanayo moyenera, kuti mayi ake akadwala kapena akapita ku maliro mwana asagwe m'manja mwa munthu wosadziwa. Wina amuperekeze ku chipatala, pakuti kubereka mwana wa zaka zinayi kuchoka ku Sadzi mpaka m'tauni si ntchito yamasewera. Pa tsiku losinja nsinjiro ndi kugayitsa soya, tikumbukire mbale ya mwana ameneyu.

Abambo nanunso nkhaniyi ndi yanu. Manja anu ndi amphamvu, angathe kuchirikiza mwana pamene mayi akudyetsa, ndipo amene mumadziwa za matabwa mungathe kukhoma kampando kokhala ndi potsamira ndi popondera mapazi, mutafunsa muyeso kwa a mafizo. Agogo, inu amene mawu anu amamveka pakhomo, thandizani kuletsa zogoneka mwana pomudyetsa, ndipo muteteze mpongozi wanu kwa onena zoipa.

Mwana uyu amamva, amadziwa nkhope ya amene amamukonda, ndipo amakondwa ndi chakudya chokoma monga mwana aliyense. Mulankhuleni pomudyetsa, mumuuze kuti sipuni ikubwera, mumudikire ayankhe ndi maso kapena ndi pakamwa. Adye pamene abale ake akudya, pa mkeka womwewo. Sabata ino isanathe, aliyense amene ali ndi mwana wotere, kapena amene akudziwa khomo lotere, akhale pansi aonetsetse chakudya chimodzi kuyambira sipuni yoyamba mpaka yotsiriza, ayankhe mafunso anayi aja, ndipo pepalalo alisunge m'buku la kuchipatala kufikira tsiku la sikelo.